Watipaso ndi Kompyuta Imodzi Yotsala

Inu amene mukuona ngati zanu zinathera pa mayeso omwe munalephera, tamvani za Watipaso Gondwe wa ku Katowo.

Lolemba lina mu Epulo 2014, Watipaso anaima mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Anali wosesa pa sekondale ina yoyendera. Folomu 4 analephera kawiri, makolo ake anamwalira kalekale, ndipo tsache ndi limene linkadyetsa iye ndi kamwana kake.

Dzulo lake mphenzi inali itagwa pa denga pomwe panali masola opatsa sukuluyo magetsi. Mwa makompyuta khumi omwe sukuluyo inalandira kwa anthu akufuna kwabwino, asanu ndi anayi anapsa. Kiyi wa chipinda cha makompyutawo ankasunga ndi Watipaso.

"Nyagondwe, akomiti ya sukulu akuti munasiya mawaya osazula ndinu," anatero a Chirambo, mphunzitsi wamkuluyo. "Akufuna nkhaniyi ipite kupolisi. Ana makumi awiri ndi asanu ndi atatu alemba mayeso a kompyuta mu Juni. Aphunzirira pati?"

Akomitiwo sankanama. Kwa zaka ziwiri, aphunzitsi akapita kukadya, Watipaso ankadzitsekera m'chipindamo, kuyatsa kompyuta n'kumawerenga mabuku omwe anabwera ndi makinawo. Lachisanu lapitalo anatulukamo mothamanga atamva kuti mwana watentha thupi, ndipo anaiwala kuzula mawaya.

Anaulula zonse, misozi ikutsika.

"Koma a Hedi, apsa ndi mabokosi a makompyuta okha," anatero. "Masikirini ndi makiyibodi ena ali bwino. Kompyuta yotsalayo ingathe kuthandiza ana anayi nthawi imodzi, aliyense ndi sikirini yake, kiyibodi yake, ndi dzina lake lolowera."

"Munaziona kuti zimenezo?"

"M'buku."

"Nanga mukapha yotsalayo?"

A Chirambo anamuyang'ana, kenako anapitiriza.

"Ndakupatsani mpaka Lachisanu. Ikafa, ine sindidzatha kukutetezani."

Tsiku lomwelo anatsegula mabokosi opsawo. Munkanunkha pulasitiki wosungunuka. Anatolamo makhadi atatu omwe sanade, timatabwa tamagetsi totumiza chithunzi ku sikirini.

Lachiwiri anatsegula kompyuta yamoyo ija. Anaikamo makhadiwo, n'kudina batani.

Sikirini inangokhala bii!

Anakhala pansi pa simenti. Ankadziona ali m'chitokosi ku Rumphi, mwana wake akulira pakhomo pa anthu. Kunja kunamveka galimoto. Anabisala kuseri kwa chitseko, poganiza kuti ndi apolisi, mpaka anaona pazenera kuti anali asilikali a nyama zakutchire akupita ku Thazima.

Anabwerera pa makina aja. Anachotsa makhadi limodzilimodzi. Atachotsa lachitatu, kompyuta inadzuka. Khadilo ndi lomwe linali lakufa. Anafufuzanso m'mabokosi opsa aja mpaka anapeza lina labwino.

Lachitatu masikirini anayi anayaka, koma onse ankamvera kiyibodi iliyonse. Akalemba pa imodzi, zilembo zinkatulukira pa sikirini ina. Buku linati ayenera kulemba malamulo m'kati mwa kompyuta, mzere ndi mzere, kuiuza kuti kiyibodi iyi ndi mausi iyi ndi za sikirini iyi. Asanasinthe kanthu, anakopera papepala zonse zomwe zinalimo. Zinamuthandiza, chifukwa katatu konse analakwitsa chilembo chimodzi, masikirini onse n'kuzima.

Lachinayi mitambo inatsika kuchokera ku Nyika. Kutangogunda kamodzi, Watipaso anazula mawaya onse n'kuima pakati pa chipinda atafumbata mapulagi. Tsikulo dzuwa linachepa, mabatire a sola anatha isanakwane 2 koloko. Anaweruka asanayese zomwe analemba. Podutsa pamsika anamva mayi wina akuti, "Ndi ameneyu wawotcha makina a ana athu."

Lachisanu m'mawa akomiti anafika asanu, wapampando wawo a Manasseh Harawa ali patsogolo, nkhope yosaseka. Watipaso anadina batani iwo akuonerera. Sankadziwa chomwe chituluke.

Sikirini yoyamba inayaka. Kenako yachiwiri. Yachinayi inachedwa, mpaka wina anatsokomola. Kenako nayonso inabwera. Pa iliyonse panali kabokosi kofunsa dzina ndi mawu achinsinsi.

A Chirambo anaitana ana anayi a Folomu 4. Aliyense analowa ndi dzina lake. Wina anayamba kulemba kalata, wina kukonza tebulo la masamu, popanda kusokonezana. Mtsikana wina atatuluka, anzake atatu anapitiriza ngati palibe chachitika.

A Harawa anasuzumira pansi pa tebulo, kutsatira mawaya ndi chala. Onse ankathera m'bokosi limodzi.

"Yewo chomene, mama," anathokoza m'Chitumbuka motsitsa mawu. "Zakupolisi zatha."

Kalata yochenjeza anamupatsabe, chifukwa cholakwa chinalipo. Koma anawo anaphunzira anayianayi, ndipo mu Juni analemba mayeso m'magulu asanu ndi awiri. Chaka chotsatira Watipaso analembanso Folomu 4 ali ndi zaka 29, n'kukhoza. Anakachita maphunziro a makompyuta ku Mzuzu. Lero amayenda pa njinga yamoto m'masukulu a ku Bolero ndi ku Hewe, kumene magetsi a sola sangakwanire makompyuta ambiri, n'kumasandutsa makina amodzi kukhala malo a ana anayi.

Amati mpaka pano mtima umamugunda akamatsegula bokosi la eni.

Owerenga, musadikire kuti mantha athe ndiye muyambe, chifukwa mwina sadzatha. Ngati munalakwa, vomerani. Kenako yang'anani chomwe chatsala m'manja mwanu, ngakhale chikhale chimodzi, muyambire pomwepo. Osataya mtima.