Alamu Anga Atasiya Kundiposa

Ine sindigula mbewu kwa munthu woseka kwambili. Kuchigayo ndimaima pafupi ndi thumba langa mpaka ufa wotsiliza utagwa, ndipo mapilisi a kukiliniki sindimeza ndisanapeze wina amene anawamwapo n'kukhalabe moyo. Ana anga amati ndi matenda. Ine ndimati n'chifukwa chake ndakalamba ndi mano anga ndi mbuzi zanga zomwe. Choncho mdzukulu wanga wamkazi, amene amagwila nchito m'shopu ku Chipata, atandibweletsela foni yopanda mabatani, ndinaitsekela m'chitini kuti isamamve zokamba za m'nyumba.

Chinali chaka chimene amuna anga anatisiya. Malilo atatha, anthu anabwelela kwawo, nyumba inandikulila. Mdzukulu uja atabwelanso kudzandiona kuno kwa Kapichila anafunsa za foni.

"Ili bwino kumene ili," ndinatelo.

Anaipeza yekha, n'kuikamo masewela. Pagalasi pamabwela bokosi lodzaza zilembo zosakanikilana ngati nyemba ndi nandolo m'lichelo. Iwe umayendetsa chala, kulumikiza zilembo zoyandikana kuti zipange liwu la Chingelezi nthawi isanathe. Liwu likatalika, mapointi amachuluka. Tsiku lililonse kumabwela bokosi latsopano, lofanana kwa aliyense, ndipo ukamaliza foni imaonetsa maina a osewela, wopambana pamwamba, wolephela pansi. Ine ndinawatcha makwelelo.

"Nanga amene aziona zimene ndikupangazi ndani?" ndinafunsa.

"Achibale chabe, ambuya. Ndaika a m'banja mwathu okhaokha."

"Ndiye oopsawo amenewo."

Anaseka mpaka kugwila khoma. Koma atapita ndinayesa, chifukwa manja analibe chochita. Chingelezi ndinachiphunzila kumishoni mpaka pamene atate anati mwana wamkazi wawelenga zokwanila, ndipo ndinkayesa kuti chinafela m'mutu kalekale. Sichinafe. Chinkatuluka liwu limodzilimodzi ngati inswa mvula ikagwa.

Achinyamata a m'banjamo anasewela mwezi woyamba, kenako anatopa, wina lelo wasewela mawa ayi. Amene sankaphonya tinali awili: ine ndi alamu anga a kwa Chikomeni, mkazi wa malemu mlongo wanga. Ife awili tili ndi nkhani yakale. Ng'ombe zimene amuna anga anapeleka pondilowola ine, atate anazitembenuza zomwezo n'kukalowolela mlongo wanga mkazi ameneyu. Kuyambila pamenepo ndimawauza kuti iwo ndi ng'ombe zanga, iwo amayankha kuti ng'ombezo zinali zowonda. Takhala tikupimana pa chilichonse, pa nkhokwe, pa ana, pa mawu oimbila kutchalitchi. Manje foni inatipatsa munda wina wolimbilana malile.

M'mawa uliwonse ndikasesa, ndinkapita kuseli kwa khola la mbuzi kumene netiweki imagwila, n'kukhala pa mtondo wakale wogubuduzika. Ndinkasewela mtima ukugunda ngati ndikuthamangitsa nkhuku. Ndikamaliza, dzina la alamu lili kale pamwamba. Posakhalitsa foni inkalila, uthenga wa mawu.

"Mwauka uli, alamu? Kukuzizila bwanji pansipo? Ife kuno kumwamba kamphepo kayaziyazi."

Ndinkaluma mano. Ndinayamba kuwelenga chilichonse cholembedwa m'Chingelezi: matumba a feteleza, mapepala a m'mabokosi a mankhwala, buku la nyimbo la amuna anga, mabuku ong'ambika amene adzukulu anasiya. Ndikupalila ndinkatembenuza zilembo m'mutu. Mapointi anga ankakwela ndithu, koma a alamu ankakwela patsogolo panga ngati mthunzi. Iwo anali ndi diso la mawu aatali, okhotakhota kuchoka pangodya ina mpaka ina. Ndiyenela kunena kuti miyezi imeneyo ndinkadzuka ndi chifukwa. Mkwiyo wa m'mawa unandithandiza kuposa mawu onse achipepeso amene ndinamva pamalilo.

Titakolola, m'nyengo yachisanu, tsiku lina ndinamaliza bokosi n'kuona dzina langa pamwamba. Ndinapukuta galasi ndi chitenje. Linali pomwepo. Ndinavina ndekha kuseli kwa khola, mbuzi zikundiyang'ana. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yonse dzina langa silinatsike.

Chimwemwe cha munthu ngati ine sichikhalitsa. Masewelawo amalola kuona mawu amene mnzako wapeza, ndiye ndinatsegula a alamu. Timawu tatifupitifupi, tochepa, tomwe mwana wa giledi yachitatu angatole. Mawu aatali aja kunalibe ngakhale limodzi. Kenako unabwela uthenga wawo.

"Mwachita bwino, alamu. Pitilizani."

Mayi ameneyu chibwelele m'banja mwathu sanandiyamikilepo, ngakhale tsiku limene ndinawaphikila nkhuku atabeleka mwana woyamba anati mchele wachepa. Ndinadziwa pomwepo kuti apangana. Akhala pansi, ana ndi adzukulu ndi alamu, n'kunena kuti wamasiye uja tiyeni timusangalatse, azipambana. Ndinaimbila mdzukulu wanga.

"Iyayi ambuya, palibe amene wapangana kanthu!"

Anakana msanga kwambili. Wokana msanga amakhala akudziwa kanthu.

Kuposedwa ndinkakupilila. Kupatsidwa malo oyamba ngati mwana womupatsa chibwente kuti aleke kulila, zimenezo ayi. Ndinamva kuti galimoto ina ya kanta ikupita kwa Chikomeni kukatenga mabelo a fodya, ndinakwela osauza munthu, kuti ndikawapeze alamu asanakonze bodza.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Alamu anali pakhonde akusenda nshawa. Ndinayenda mwakachetechete mpaka pakati pa bwalo n'kuima. Anakweza mutu, anayang'ana kumene ndinali, n'kupitiliza kusenda. Ndinati m'mtima, onani mwano.

"Odi," ndinatelo.

"Aa! Alamu! Mwabwela bwanji ngati mfiti, osatuma mawu? Monile, monile."

"Yewo. Sindinabwele kudzacheza."

Ndinakhala pamphasa n'kuyamba mlandu wanga. Ndinawauza kuti ine si wopemphapempha, kuti amuna anga anafa koma mutu wanga sunafe, kuti ngati akufuna kuchitila munthu chifundo akachitile nkhuku zawo. Iwo anapitiliza kusenda.

"Mwina mwangochenjela, alamu," anatelo. "Munthu sachenjela atakalamba?"

"Musandinyengelele. Bokosi la lelo mwasewela?"

"Ndisewela madzulo."

"Sewelani pano, ine ndikuona."

Ndikuyankhula choncho maso anga anali akuyenda, poti sindiwaletsa. M'lichelo la nshawa zosenda munali zowola zosakanikilana ndi zabwino. Chitenje chawo anachivala chotembenuza, maluwa ali m'kati, mayi amene sankapita ngakhale kuchitsime osadziyang'ana pagalasi. Pansi pa mtengo mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wotsiliza, anali kusankha fodya yekha, nchito imene alamu sankalola munthu wina kuigwila chifukwa ankati ena onse sadziwa kusiyanitsa mitundu ya tsamba.

Alamu anatenga foni, analowa pakhomo pomwe pali mthunzi, n'kuiyandikiza mpaka kukhudza mphuno. Chala chinkayendayenda osadziwa kolowela. Ndinanyamuka, ndinawagwila chibwano n'kuwatembenuzila kowala. Pakati pa diso lililonse panali poyela ngati dontho la mkaka m'madzi.

"Ng'ala," ndinatelo.

"Chotsani dzanja. Ndani wakuuzani kuti muzigwila anthu kumaso?"

"Zayamba liti?"

"Mvula isanathe." Anakhala pansi. "Ndimaona ngati utsi wa m'chigafa. Zilembo zikuluzikulu ndimazilota chabe. Ndimasewela kuti dzina lizioneka, ana asayambe mafunso."

Mpongozi anali atayandikila, atagwada chapatali. Anati iye anadziwa kale koma amama anamuletsa kuuza munthu. Anati anawapempha kangapo kuti apite kuchipatala cha ku boma, akukana.

"Kumeneko amachotsa diso n'kuliika m'mbale," anatelo alamu. "Akalibweza molakwika? Bola utsi, ndikuona pang'ono."

Sindinawauze kuti akhulupilile madokotala. Ndikanayamba bwanji, ine amene sindikhulupilila ngakhale sikelo ya wogula nshawa? Ndinangoti ndamva, ndinagona komweko, m'mawa ndinabwelela kwathu kukachita zimene ndimadziwa.

Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wa mpingo amene anthu ankati anapalidwa ng'ala. Mapemphelo atatha ndinamuimitsa pakhomo, ndinatulutsa singano ndi ulusi.

"Adada, tandilowetselani."

Analowetsa kamodzi n'kamodzi. Ndinamupempha kuti avule magalasi, ndinamuyang'ana m'diso pafupi kwambili mpaka akazi ake anatsokomola. Ndinamufunsa ngati analiona diso lake lili m'mbale. Anaseka, anati diso silichoka m'malo mwake, ndipo anali maso nthawi yonseyo akumva madokotala akukambilana za mpila. Munthu mmodzi si umboni. Kumsika wa ku boma ndinapeza mayi wogulitsa tomato amene anapalidwanso, ndinamulozela mayi wina kutali uko kuti andiuze mtundu wa duku lake. Ananena zoona, n'kuwonjezela kuti dukulo n'long'ambika kumbuyo. Ndinapita kukaona. Linali long'ambika. Pamenepo ndinalowa kuchipatala kukafunsa kuti madokotala a maso amabwela liti.

Ulendo wachiwili kwa Chikomeni ndinapita ndi zonsezi. Alamu anamvetsela, koma anapukusabe mutu.

"Maso ndi anga," anatelo.

"Anu kuchokela liti? Ng'ombe zanga zinalowola munthu yense, ndi maso omwe. Simungawasiye aonongeke osandifunsa."

"Ng'ombe zowonda zija?"

"Zomwezo. Nyamukani."

Anatukwana pang'ono, kenako anafunsa ngati ine ndidzakhalepo. Ndinati ndidzakhala pakhomo penipeni, ndipo ndikadzaona munthu akutuluka ndi mbale ndidzakuwa mpaka boma lonse limve.

Tsikulo pamzele wa kuchipatala panali nkhalamba zambili, aliyense ndi womutsogolela. Nesi anabwela kudzalemba chizindikilo pamwamba pa diso la alamu loyamba kupalidwa. Ndinamufunsa kawili ngati ndi lomwelo limene dokotala ananena.

"Ambuya," anatelo nesiyo, "kapena mulowe mugwile mpeni ndinu?"

"Mukandiphunzitsa ndigwila."

Alamu analowa atandifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Ndinakhala pabenchi moyang'anana ndi chitseko, osapita ngakhale kukamwa madzi. Palibe mbale imene inatuluka. Anatuluka iwo, diso litamatidwa nsalu yoyela, akudandaula kuti m'chipindamo mukuzizila ngati kumanda.

M'mawa mwake nesi anamatula nsaluyo. Alamu anaphethila, misozi ikutsika, anayang'ana zenela, anayang'ana manja awo, kenako ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, makwinya onsewa munawatenga kuti? Sisita, bwezani nsalu ija."

Nkhalamba za m'wodimo zinaseka, ine ndinatuluka panja chifukwa sindilila pa anthu.

Anauzidwa kuti apumitse diso, asayandikile utsi kapena fumbi, foni aiike kaye. Masabata amenewo ndinkasewela ndekha ndipo dzina langa linkakhala pamwamba, koma zinkakoma ngati ndiwo zopanda mchele. Kenako m'mawa wina ndinamaliza bokosi n'kupeza kuti ndatsika. Ndinatsegula mawu awo. Aatali aja anali atabwelela, okhotakhota ngati njila ya njoka pamchenga. Foni inalila.

"Mwauka uli pansipo? Mwandisungila bwino mpando, yewo chomene. Manje chokanipo."

Ndinamvela uthengawo katatu. Sindine munthu wothokoza msanga, koma pa mtondo uja ndinathokoza Mulungu mokweza. Ndinathokoza manja a dokotala amene nkhope yake sindinaione bwino chifukwa cha kansalu ka pakamwa. Ndinathokoza mpongozi amene anapilila nkhalamba yovuta, ndi mdzukulu wanga amene ndinamunamizila chiwembu. Ndinamuimbila n'kumuuza kuti akabwela ndimuphela nkhuku. Anafunsa chifukwa, ndinati asafunse zambili.

Ndinapitiliza kuwathamangitsa alamu chilimwe chonse, osawapeza. Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina nditachoka kobzala, matope adakali kumapazi, ndinakhala kuseli kwa khola. Bokosi la tsikulo linanditsegukila lokha. Chala chinkadziwa kopita mutu usanaganize, ndipo nthawi itatsala pang'ono kutha ndinaona liwu lalitali litabisala m'mphepete, ndinalikoka lonse. Dzina langa linakwela pamwamba. Sindinavine. Ndinayamba ndatsegula mawu a alamu n'kuwayang'ana limodzilimodzi. Onse analipo, aatali ndi aafupi, anasewela ndi mphamvu zawo zonse. Ndinawaposa ndi liwu la m'mphepete lija basi.

Ulendo uno sanatumize uthenga, anaimba.

"Wakuthandizani ndani?"

"Mbuzi."

"Musandiseke, alamu. Pali munthu pamenepo. Mwabela."

"Bwelani mudzafufuze. Kanta ilipo."

Anapuma mwamphamvu m'foni, ine ndikumwetulila ndekha.

"Kondwani," anatelo. "Mwaposa munthu wa diso limodzi. Dikilani andipale diso linalo, mudzaona."

Anadula. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza, ndipo ndinaona kuti sananame. Ndinasamba matope, ndinavala duku, n'kuyamba ulendo wa ku boma kukafunsa kuti a maso abwelanso liti.