Mphete za a Madontho

Maola 914. Pamenepo ndi pamene mphete za malume zinalekezera. Zinkafunika kufika maola 1,000, ndiye kuti panatsala 86. Pampu yake inkayenda maola 16 patsiku, choncho kunali kupirira masiku asanu ndi maola asanu ndi limodzi basi. Ndawerengera kambirimbiri, yankho silisintha.

Ine ndimagulitsa zipangizo za mapampu: mavavu, masipuling'i, marabala, girisi ndi chingwe cha pakingi. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu wopita kumafakitale. Katunduyu ndinamudziwira kwa malume, alongo awo a mayi anga, amene anagwira ntchito zaka 31 mufakitale ya sopo. Analowa ngati wosesa ali ndi zaka 29. Posesa ankachedwa dala pafupi ndi amakaniko, mpaka tsiku lina mmodzi anawauza kuti, "Iwe m'malo mongotiyang'ana, tagwira sipanala iyi." Sanabwererenso ku tsache. Kusukulu sanapite patali, khutu lakumanzere linagontha ndi phokoso, koma mapampu atatu okankhira madzi otentha m'boyila ankawadziwa kuposa ana awo. Azakhali, akazi awo, amatero, osati ine.

Pampu ya mtundu umenewu ili ndi zitsulo zitatu zosalala, zonenepa ngati mkono wa munthu, zimene zimalowa ndi kutuluka mosinthana, kukoka madzi ndi kuwakankha. Amakaniko amazitcha mapulanja. Polowera pulanja iliyonse amakulungapo chingwe cha pakingi kuti madzi asathawe, n'kuchipanikiza ndi manati awiri. Koma chingwecho chimayenera kudontha pang'ono, chifukwa madziwo ndi amene amachiteteza pokhulana ndi chitsulo. Ukamanga manati mpaka dontho kutheratu, chingwe chimapsa n'kukanda pulanja.

Malume ankafuna madontho 20 pa mphindi. M'mawa uliwonse ankagwada pa pampu iliyonse, wotchi m'manja, milomo ikugwedera. Pansi ankatchera zitini zakale za penti. Makaniko watsopano akafika n'kuthamangira sipanala poona dontho, ankamumenya padzanja.

"Siya! Pampu ikauma misozi, udzalira ndiwe."

Fakitale yonse inkawatcha a Madontho. Ngakhale makalata ena a ku ofesi ankabwera ndi dzina limenelo.

Vuto linali lakuti madzi a boyila ndi otentha, ndiye chingwe chinkatha pa maola 250, milungu iwiri ndi theka. Chikatha, pampu iime, anthu amasule, theka la tsiku lipite. Malume anayamba kuganiza zoika mphete ya mkuwa pakati pa chingwecho, yokhala ndi timabowo, yolandira madzi ozizira kuchokera ku kapaipi kakang'ono. Mphete zotere zilimo m'mabuku amene ndimaitanitsira katundu, koma palibe yolowa m'mapampu akale ngati awo, malo ake ndi opanikiza kwambiri. Iwo anasema yawo pa makina a kufakitale nthawi yopuma masana. Inawatengera zaka zinayi. Zisanu ndi imodzi zoyamba zinakanika. Yachisanu ndi chiwiri inali yopyapyala, yodulidwa pakati kuti izilowa popanda kuchotsa pulanja, ndipo timabowo take tisanu ndi titatu tinali topendekeka kuti madzi azizungulira.

Nthawi yomweyo eni fakitale anali akuganiza zochotsa mapampu akale n'kugula atsopano, amene amakonzedwa ndi kampani yogulitsayo. Zikanatero, ntchito ya malume ikanatha, popeza zaka zawo zopumira zinali zitakwana kale. Injiniya wamkulu anawamvera chisoni, kapena anachita chidwi, sindikudziwa. Anati aike mphete zitatu pa pampu yachiwiri. Chingwe chikafika maola 1,000 osasinthidwa, mapampu akale akhala, mphete ziikidwa monse, ndipo malume apatsidwa zaka zina zitatu.

Tsiku limenelo anafika kushopu akuseka asanalowe n'komwe.

"Mphwanga, bizinesi yako ndaipha. Chingwe chako chija ndizigula kasanu pachaka."

"M'malo mwa ka 20? Nanga ine ndidya chiyani, malume?"

"Udya girisi. Uli naye wambiri."

"Mwana wa mlongo wanu weniweni?"

"Pampu nayonso ndi mbale wanga. Ndinaipeza iwe usanabadwe."

Kuyambira pamenepo, akaweruka ankadzera kushopu n'kunena maola amene awerenga pa mita ya pampu, ine n'kulemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Titadutsa 250 anandigulira chakumwa chozizira. Pa 500 anati ndigule ndine, popeza ndine ndinkakayikira. Pa 750 sanaseke. Anangokhala pa ndowa ya girisi n'kunena kuti zaka zitatu zikwanira kuti mwana wawo womaliza atsirize sukulu ya unamwino. Makasitomala ankafunsa kuti manambala a pachitseko ndi a chiyani, ine ndinkawafotokozera ngati mphetezo ndinasema ndine.

Lachitatu lina ndinalemba 908. Lachinayi ndinadikira ndi choko m'manja mpaka anthu onse a kufakitale atadutsa. Malume sanabwere. Lachisanu chimodzimodzi, ndipo foni yawo inali yozimitsa. Loweruka masana ndinatseka shopu n'kupita kwawo.

Azakhali anali akuyanika zovala. Sanandilonjere monga amachitira.

"Ali kuseri. Mwina iwe akuyankhula, ine angondiyang'ana ngati khoma."

Ndinawapeza atakhala pa njerwa pafupi ndi khola la nkhuku, manja ali pamaondo. Pachingwe choyanikira zovala panali ovolosi yatsopano, mizere ya m'sitolo isanafufutike.

"Malume, mwaswera bwanji?"

"Fufuta manambala ako aja."

Ndinakhala pansi. Zimene ananena ndi izi.

Lachinayi kunkabwera alendo ochokera ku likulu la kampani, omwe ankafuna kuona fakitale yonse. Lachitatu madzulo kapitawo anazungulira kuuza aliyense kuti pansi pakhale pouma, pasaoneke chitini, chiguduli kapena dontho la madzi. Kapitawoyu ndi mnzawo wa malume wa zaka zambiri, anakhala nawo pamaliro a agogo usiku wonse.

"Ndinamuuza kuti, achimwene, mukudziwa kuti pampu imadontha. Iye akuti, a Madontho, ine ndikudziwa, koma alendowo sakudziwa. Akaona zitini zanu adzati pampu zakalezi zatha, ndiye mwadziwombera nokha. Ola limodzi lokha. Afika naini koloko, teni koloko apita, mumasule."

"Ndiye anamanga?"

"Sanagwire sipanala iye."

Anatembenuza dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana.

"Ndinawerengera, mphwanga. Ndinati mphete zikubweretsa madzi ozizira, ola limodzi chingwe chipirira. Komanso, ndisakunamize, ndinkafuna alendo aione pampu ili yokongola. Zaka zinayi ndikusema chinthu, ndiye alendo adzapeze zitini za penti pansi pake? Ndinamanga theka la mzungulo, nati iliyonse. Ndinapukuta pansi ndi dzanja langa."

Anamanga itatsala pang'ono kukwana naini koloko. Kenako onse anapatsidwa maovolosi atsopano n'kuuzidwa kuti aime pamzere pakhomo la chipinda cha boyila. Naini inakwana, alendo kulibe. Teni koloko kunabwera uthenga woti ali pageti. Malume anapempha kuti akamasule pang'ono, kapitawo anati dikirani, akulowa. Sanali pageti, anali mu ofesi akumwa tiyi. Cha m'ma leveni anati ayambira kosungira katundu. Kawiri konse malume anachoka pamzere, kawiri konse wina anakuwa kuti akubwera, iwo n'kubwerera.

"Ndikanangopita. Ndani akanandigwira? Koma zaka 31 ukumva bwana akati ima, miyendo imaima yokha."

Itangodutsa thwelofu anamva fungo. Khutu lawo ndi logontha koma mphuno ndi yakuthwa. Anathamanga, anapeza utsi ukutuluka pa pulanja yapakati. Anazimitsa pampu, ndipo alendo analowa iwo atagwada m'madzi otentha amene anali atayamba kuthovoka, ovolosi yatsopano itanyowa mpaka m'chiuno. Pulanja inali itakandika mizere itatu yoti chikhadabo n'kukodwamo. Mita inali pa 914.

Lachisanu m'mawa injiniya anawaitana. Pa tebulo panali lipoti lolembedwa kale, loti mphete zalephera. Kapitawo anali pomwepo, maso ali pansi.

"Ndikanakhala chete, akanati mphete ndi zoipa koma mkuluyu ndi makaniko wabwino. Mwina akanandisungako miyezi ingapo. Koma mphete sizinalakwe, mphwanga. Ndinati, bwana, musaziipitsire mbiri. Ndinamanga manati ndine, mpaka kuuma."

"Za kapitawo munanena?"

"Ali ndi ana asanu. Komanso sipanala inali m'manja mwa ndani?"

Injiniya anadabwa. Akuti anafunsa kuti, "Inuyo, a Madontho? Inu amene mumamenya anthu padzanja?" Kenako anawonjezera mzere umodzi pansi pa lipoti, woti panalinso kulakwitsa kwa makaniko. Mzere wa mphete sanaufufute. Anati pangano linali maola 1,000, ndipo alendo aona okha ndi maso awo, iye sangakawauze zina. Malume anapita kukapulumutsa chimodzi, anataya zonse ziwiri.

Mwezi utatha anawachitira kaphwando kotsanzikana m'kantini, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Mapampu akale anagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinaona lole yake ikudutsa pashopu, pampu yachiwiri itagonekedwa chammbali, kapaipi ka malume kakulendewera. Mphete anazichotsa kapitawo n'kuzibweretsa kunyumba kwa malume atazikulunga m'nyuzipepala. Malume sanatuluke kukamuona. Azakhali anazilandira pakhomo, n'kumuuza kuti, "Zikomo, bambo. Pansi pauma tsopano?" Munthuyo anatembenuka n'kumapita.

Papita miyezi inayi. Malume amadzuka nthawi yomwe ankadzukira, n'kuvala nsapato, kenako n'kukhala. Mwana wawo akupitiriza sukulu chifukwa azakhali ayamba kusoka mayunifolomu, ndipo abale tikuthandizako. Msewu wa kushopu sadzeranso. Mpope wa panyumba utawonongeka anaitana mwana wa aneba kuti akonze, iwo ali m'nyumba.

Ine mtima unkandiwawa ndikaganiza za 914. Chingwe chimene chimatha pa 250 chinafika pamenepo, kuposa katatu ndi theka, ndipo zingwe za mapulanja awiri a m'mbali zinatuluka zikadali zabwino. Ndinatenga kope la makasitomala n'kuwerenga amene ali ndi mapampu akale a mtundu womwewo. Ndinapeza mapampu 14: kochapira zovala za mahotela, kufakitale ya zikopa, kwa okumba zitsime ndi kwina. Pampu iliyonse mapulanja atatu, ndiye mphete 42. N'zoona kuti chingwe ndizigulitsa chochepa, koma amene wagula mphete kwa ine mavavu sakagula kwina.

Ndinapita kukawauza malume. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Manambala umawatha, mphwanga. Kuyambira uli mwana."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Zili pamwamba pa kabati. Tenga, ndi pepala la miyeso lomwe. Uchite nazo zimene ukufuna."

"Sindikufuna mphete zokha. Poboola kapaipi pamafunika munthu wodziwa."

"Amakaniko ndi ambiri."

"Odziwa zimenezi ndi mmodzi."

"Ameneyo anaumitsa pampu," anatero, n'kutembenuzira kukhoma khutu lomva lija. Ndinatsala ndikuyankhula ndi logontha.

Azakhali anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati ndisawakakamize, koma ndisasiyenso kubwera. Anati tsiku lina anawapeza atatsitsa mphetezo, akuzipukuta ndi nsalu, ndipo atawaona anazibweza msanga ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Mlungu wathawu ndinawafunsanso malume. Anakana, koma anafunsa kuti pampu ya kochapira zovalayo ndi ya mapulanja onenepa bwanji. Nditawauza, anati miyeso ya papepala ichepetsedwe theka la milimita, apo ayi mphete ikakamira. Tiyi amene azakhali anabweretsa anazizira osamwedwa.

Mwini wa kochapira zovala wavomera kuti tiyese pa pampu imodzi. Ndamuuza kuti pansi pake pazikhala chitini, kubwere alendo kapena kusabwere, ndipo zimenezi tazilemba papepala. Wosema zitsulo wa kuseri kwa msika ali ndi miyeso yatsopano, akuti mphete zitatu zikhala zitatha Lachisanu. Tikaziika Loweruka m'mawa, makina asanayatsidwe. Ndabwereka galimoto ya mnzanga, ndipo popita ndidzadzera kwa malume kukawafunsa kachitatu.