Dzanja lamanzere la a Mwale

Loweruka lapitali ndinatha maola awiri m'sitolo ya zowedzera nsomba, ine munthu amene nsomba ndimaidziwa ikafika m'mbale. Anandipititsako ndi alamu anga a Mwale, amuna a mlongo wanga Esinati. Kwawo ndi ku Chipata, koma ku Annandale kuno, kutsidya kwa nyanja yamchere, akhalako zaka zambiri.

Miyezi inayi yapitayo a Mwale anagwa kuntchito. Amagwira kunyumba yosamalira okalamba, monga ambiri a ife Amalawi ndi Azambia a kuno, ndipo tsikulo anali pa shifiti yachiwiri. Madokotala anati ndi sitiroko yaing'ono. Kuyenda akuyenda, kuyankhula akuyankhula, mwina kuposa kale, koma dzanja lamanzere linatsalira m'mbuyo. Galimoto sanawalolebe kuyendetsa, ndiye dalaivala wawo ndine.

Dokotala anawauza kuti apeze chochita chimene si ntchito. A Mwale anafunsa ngati kutchetcha kapinga m'makomo mwa anthu kukuwerengedwa. Dokotala anati ayi.

Anawapulumutsa ndi mkulu wina wa ku Korea woyandikana nawo nyumba. Iyeyu anawabwereka ndodo yowedzera n'kuwaphunzitsa kugwira nsomba ya mumtsinje wa Potomac imene kuno amaitchula kuti basi. Ndinafunsa kawiri. Dzina lake ndi lomwelo.

Nsomba imeneyi imakonda kubisala pansi pa mitengo yogwera m'madzi ndi m'maudzu. Ndiye suponya mbedza kutali ngati ukugenda mango. Umaigwedeza chapansipansi n'kuitaya pafupi, monga umaponyera kiyi kwa mnzako, kuti nyambo ilowe m'madzi mosachita phokoso. Eni ake amati kupitcha, ndipo ukayandikira kwambiri amati kufilipa. A Mwale akhala akuyeserera pamalo oimika magalimoto, kuponya mbedza yopanda nsonga m'kapu ya tiyi. Ana awo amadutsa ngati sawadziwa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu atawaona anaimbira Esinati foni kumupepesa, ati sankadziwa kuti matendawa anafika kumutu.

Tsopano mwini ndodo anafuna katundu wake. "Ba mulamu," anatero a Mwale m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "nifuna munipeleke nikagule rilu yanga."

Rilu ndi kachipangizo kokhala pamwamba pa ndodo, kamene kamakulunga chingwe ukamapukusa chogwirira. Ine ndimaganiza kuti tilowa, tiloza, tituluka. M'sitolomo munali khoma lathunthu la marilu, onse ofanana ngati ana a sukulu pa asembule.

Wogulitsa anali mayi wa imvi, wa manja okhakhala. Sanafunse za mtengo. Anafunsa kumene a Mwale amawedza, ndipo atamva za mitengo yogwa anachotsa atatu pakhomapo.

"Mukufuna yothamanga," anatero. "Mukapukusa kamodzi, ikulunge chingwe chambiri. Nsomba ikaluma pafupi ndi nthambi mulibe nthawi. Mukachedwa, izunguliza chingwe pamtengo, mutsala mukukoka mtengowo."

Anatisonyezanso kabuleki kam'mbali, kamene kamaletsa chingwe kutuluka mopitirira. Kakapanda kugwira bwino, ndipo chala chachikulu chikachedwa kuponda, chingwe chimapiringizana ngati tsitsi la mwana wothawa chipeso. Anawanyamulitsa marilu onse atatu mmodzimmodzi, ati wolemera udzamumva m'phewa dzuwa lisanafike pamutu. A Mwale ankangovomera ndi mutu, ngati munthu amene akumva ulaliki wonena za anzake.

Kenako mayiyo anafunsa dzanja limene amalembera. A Mwale anakweza lamanja.

"Ndiye tengani ya chogwirira cha kumanzere. Ndodo ikhale m'dzanja lamphamvu nthawi zonse, lamanzere lizipukusa. Nsombayi nthawi zambiri imaluma nyambo ikangogwa. Mukamasintha ndodo kuchoka dzanja ili kupita ili, yapita."

Anamangirira rilu pandodo n'kuwapatsa. A Mwale anagwira ndodo ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kufika pachogwirira. Anapukusa theka, zala zinaterereka. Anayesanso. Zinatererekanso. Kachitatu dzanja linangoima pamwamba pa chogwirira, osachigwira n'komwe.

Ine ndinayamba kuwerenga mwachidwi pepala la nyongolotsi za pulasitiki.

Mayiyo anachotsa riluyo, n'kuikapo ya chogwirira cha kumanja. A Mwale anapukusa, inazungulira bwinobwino ngati makina osokera. Ndinatulutsa kiyi wa galimoto m'thumba.

"Bwezanipo ija," anatero a Mwale.

"Alamu, iyi ndiye yakuyanjani," ndinatero. "Mukudzivutitsiranji?"

"Uku kwanja kwankala pa holide miyezi folo. Kuyambe nchito," anatero akukweza dzanja lamanzere.

Mayiyo anapita kuseri. Anabwera ndi rilu ya kumanzere yokhala ndi zogwirira zikuluzikulu, zofewa, zoti zala zofooka zipeze pokhala. A Mwale anapukusa kamodzi kathunthu, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Tinagula imeneyo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawapititsa kukamtsinje kena kothira mu Potomac. Kuponya koyamba chingwe chinapiringizana, ndipo tinatha theka la ola tikumasula, ine ndi suti yanga ya kwaya. Kenako anaponya, naponya, naponya. Ine ndinakhala pamwala n'kumawerengera mumtima maola amene ndikanagwira kuntchito.

Cha m'ma folo koloko ndodo inapindika. A Mwale anaikweza ndi dzanja lamanja, lamanzere likupukusa mokakamira, thukuta lili kamukamu. Zala zinaterereka kamodzi, n'kubwereranso pamalo pake. Nsomba inatuluka pansi pa mtengo ikukana, mpaka inafika pamtunda. Inali yonona, ya pakamwa pakulu, ndiwo ya anthu anayi osadandaula. Ndinali nditayamba kale kuganiza za tomato.

A Mwale anaichotsa mbedza, anati ndiwajambule, kenako anawerama n'kuiika m'madzi. Inagwedeza mchira, n'kupita.

"Alamu, yapulumuka?"

"Naibweza."

"Chifukwa?"

"Nizaifuna futi sondo ibwela."

Abale anga, ndikuvomera kuti zinandipweteka. Kwathu munthu wochoka kumadzi chimanjamanja amalowera kuseri kwa nyumba. Wobweza nsomba m'madzi ndi manja ake, timamuitanira abusa.

Koma pobwerera, a Mwale akugona pampando wa pambali panga, dzanja lamanzere lili pabondo likupukusabe lokha, ndinadzifunsa: kodi ife amene tinabwera kunoku timadziwa kuchita chinthu chosabweretsa kanthu kunyumba?

Tikakumana pakhomo la tchalitchi moni wathu ndi wa ntchito. "Muli pa dabulo shifiti?" "Eee, mpaka Lachinayi." Ndipo timanena monyadira, ngati tikutchula ana amene anakhoza mayeso. Munthu akati Loweruka anangokhala, timamufunsa ngati akudwala. Akati anapita kukayenda m'nkhalango, timafunsa kuti anataya chiyani kumeneko.

Zifukwa tili nazo, ndipo si zabodza. Kumudzi akuyang'ana kwa ife. Lendi ya kuno siimva Chichewa. Sitinakwere ndege kudzasewera ndi nsomba. Koma shifiti iyi yakoma, iyonso yakoma, ndipo mukudziwa mmene pusi anagwera.

Chondidabwitsa n'chakuti ntchito yathu ndi yosamalira matupi a anthu. Timadziwa nambala ya BP ya agogo a m'chipinda chilichonse. Timawayendetsa panja kuti aone dzuwa, timawakumbutsa kumwa madzi, timalemba m'buku ngati sanagone bwino. Yathu BP timaimva tsiku limene tagwa, anzathu a pashifiti akutiyeza tili pansi.

Ndipo tikagwa, anthu amabwera. Pamenepo Amalawi ndi Azambia sitilephera: mapemphero, mapoto a chakudya, magalimoto mpaka kusowa poimika. Koma munthu yemweyo akadzuka n'kuyamba kuponya mbedza m'kapu kuti asagwenso, timaimbira mkazi wake foni yopepesa.

Ndinawasiya a Mwale pakhomo. Esinati anatuluka, anayang'ana m'manja mwawo, anayang'ana kumbuyo kwa galimoto.

"Nsomba zili kuti?"

"Zili bwino," anatero a Mwale, n'kumupatsa moni ndi dzanja lamanzere. Esinati analigwira nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira. Za nsomba sanafunsenso.

Ndisananyamuke, a Mwale anagogoda pagalasi. Ati Loweruka likubwerali tibwererenso, adzandibwereka ndodo, ndiyese ndekha. Ndinati ndiona.

Ndili pa roboti yachiwiri foni inalira. Anali abwana a kuntchito. Wina wadwala, Loweruka pali mpata, maola khumi ndi awiri. Ndingabwere?

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganiza kaye. Roboti isanasinthe n'komwe ndinali nditavomera kale, n'kuthokozanso.

Inu mukanayankha chiyani?