Mano a Achimwene

Achimwene anga anayamba kucheka matabwa m'Phiri la Dedza chaka chimene bambo anamwalira. Tinabadwa awiri okha, iwo oyamba, ine wachiwiri. Kwathu ndi cha ku Kasina, kumene mayi amalima mbatatesi ndi nyemba mpaka lero. Nthawi imeneyo ndinali ku sekondale pa boma, ndipo Loweruka achimwene ankatsika kuphiri utuchi uli mbuu m'tsitsi, zovala zikununkhira utomoni wa paini, n'kudzandiona pageti. Anali munthu woseka ndi pakamwa ponse. Mano awo anali oyera, aakulu, ondanda bwino, moti anzanga ankandifunsa kuti amatsukira chiyani. Ankatsukira kamtengo basi, monga ankachitira bambo.

Chaka china, nyengo ya mvula, chipika chinagubuduzika pamtsetse n'kuwaphwanya bondo. Bala linapola, koma kukazizira bondolo linkawawa, ndipo kuphiri kuja kuzizira sikutha. Ntchito sakanaisiya, chifukwa ndi imene inkatidyetsa. Anzawo ocheka nawo anawapatsa chamba, ati chimathamangitsa chisanu ndi kulimbitsa mikono. Kenaka anapeza munthu wina wogulitsa mapiritsi opha ululu mobisa. Pambuyo pake kunabwera mankhwala a chifuwa, a manyuchi aja, amene ankawathira m'botolo la zakumwa zotsekemera n'kumapsopsona tsiku lonse ngakhale sankatsokomola. Zonsezi ndinazidziwa mochedwa, iwo eni atandifotokozera ali gone m'chipatala.

Chimene ndinayamba kuona ine ndi magazi. Ndinali nditamaliza sukulu, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ya bambo ena achisilamu pa boma. Tsiku lina masana achimwene anatulukira, ndipo ndinawagulira chimanga chootcha. Anangoluma pang'ono n'kuchiika pa benchi. Pamene analumapo panali pofiira.

"Achimwene, magazi awa akuchokera kuti?"

"Ndi chisanu, mlongo wanga. Chimang'amba milomo."

Ndinayang'ana milomo yawo, inalibe bala. Koma nkhama zinali zotupa, zakuda, ndipo m'tsinde mwa mano akutsogolo munali mzere wofiirira ngati dzimbiri. Anapempha madzi, namwa kapu yonse, napemphanso ena. Anati m'kamwa mumangouma ngati adya nthochi yaiwisi. M'thumba la jekete yawo munali maswiti, ndipo imodzi ikatha m'kamwa ankaponyamo ina.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Akabwera kumudzi ankagona ndi nsapato, osatsuka n'komwe m'kamwa, ndipo mayi ankati ali mtulo amakukuta mano ngati mbuzi ikubzikula. Dzino lina lakumbuyo linabooka, lina linathyoka akudya mtedza. Likawawa ankaphwanya piritsi n'kutsendera ufa wake m'bowomo, kapena kuchukucha ndi kachasu. Ndinawachonderera kangapo kuti tipite kuchipatala. Ankayankha kuti, "Lasiya kuwawa, ndiye kukatani?" Mayi ankakhulupirira kuti wina kuphiri anawachitira nsanje. Anawafunira mizu yowiritsa, achimwene n'kuilandira ndi manja awiri, koma mphika wake unkangokhala pakona mpaka madzi kuchita ndere.

Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono. Anayamba ndi kuseka atatseka milomo, kenaka kuphimba pakamwa ndi dzanja, kenaka osasekanso. Polankhula ankayang'ana kumbali, chifukwa ankadziwa za fungo.

Nthawi ya chinkhoswe changa itakwana, panalibe wina wondiimira. Amalume anali atamwalira kalekale, choncho wolankhula m'malo mwa banja lathu anayenera kukhala achimwene. Poyamba anakana. Mayi atalira, anavomera. Ndinawasokera malaya oyera ndi manja angawa. Tsikulo kunatentha, unali mwezi wa Okutobala, koma iwo anabwera atakulunga mpango wa ubweya m'khosi mpaka kukamwa. Itakwana nthawi yawo, anaimirira n'kuyamba kulankhula mpango uli pomwepo.

Bambo ena a kuchimuna, osadziwa kanthu, anati, "Akweze mawu achimwenewo, kuno sitikumva."

Achimwene anatsitsa mpango uja. Kutsogolo kunali kutatsala zitsa zakuda, ndipo mawu ena ankatuluka ndi kamluzu. Kamwana kena kanaseka n'kunena kuti, "Agogowo ali ndi magweru," mayi ake n'kukatsina. Achimwene sanasiyire panjira. Ananena zonse zoyenera kunenedwa, anathokoza akuchimuna, anawapempha kuti akandisunge bwino popeza ndinakula wopanda bambo. Atatha anakhala pansi.

Nthawi ya chakudya sanaoneke. Ndinawapeza kuseri kwa khola la nkhumba, atakhala pamwala, kabotolo kali m'manja.

"Ndakuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ako," anatero.

"Mwalankhula bwino, achimwene. Tiyeni mukadye."

"Nyama ija ndikaidya ndi chiyani?"

Ndinakhala nawo pamwalapo, chovala changa chatsopano chikudetsedwa ndi fumbi, mpaka anthu anabwera kudzandiitana.

Chitatha chinkhoswe anabwerera kuphiri ndipo anasiya kubwera kumudzi. Ukwati wanga sanaufike. Ndinkawafunsa kwa onyamula matabwa amene ankadutsa pa boma, ena n'kumati alipo, ena n'kumati anawolokera ku Mozambiki. Mvula itayamba kugwa, mayi wina wogulitsa nkhuni anaima pamakina anga m'mawa n'kundifunsa ngati ndine mlongo wa wocheka matabwa wotsimphina uja. Anati ali gone m'chisakasa m'munsi mwa phiri, ndipo sakudya.

Tinapita ndi amuna anga. Nditalowa m'chisakasamo sindinawazindikire msanga. Tsaya lakumanzere linatupa mpaka kutseka diso, ndipo chotupacho chinatsikira pansi pa chibwano mpaka m'khosi. Thupi linali moto. Pakamwa sipankatseguka, malovu sankatha kumeza, ndipo popuma ankachita phokoso ngati munthu wotsamwa. Anandigwira dzanja. Tinawakweza panjinga yamoto, amuna anga atawagwirira kumbuyo, ine n'kumatsatira pa ina m'matope.

Kuchipatala anawaika madiripi, nawang'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke. Dokotala wa mano, mayi wofatsa wa msinkhu wangawu, anandiitanira pambali. Anati tikanachedwa, chotupacho chikanatseka njira yopumira. Anandifunsa zimene achimwene ankamwa ndi kusuta, ndipo ndinanena zochepa zimene ndinkadziwa. Iye anandifotokozera kuti malovu ndi amene amatsuka mano tsiku lonse, ndipo chamba ndi mankhwala enawo amaumitsa malovu. M'kamwa mouma, shuga wa manyuchi aja ndi wa maswiti amangokakamira pa mano n'kumawadya. Utsi umaononga nkhama, ndipo mapiritsi ankabisa ululu umene ukanawabweretsa kuchipatala dzino loyamba litangobooka.

"Ululu ndi umene umamutuma munthu kuno," anatero. "Iwowa anautseka pakamwa."

Masiku otsatira anali owawa kuposa kung'ambidwa kuja. Thupi linkafuna zimene linazolowera. Ankatuluka thukuta, kunjenjemera, kusanza, ndipo tsiku lina anandipempha, misozi ili m'maso, kuti ndikawagulire kabotolo kamodzi kokha. Ndinakana. Anatembenukira kukhoma osandilankhula mpaka madzulo. Atayamba kupeza bwino ndi pamene anandiuza zonse, kuyambira tsiku la chipika lija. Sanadzikhululukire, ndipo sanatchule dzina la munthu aliyense.

Kutupa kutaphwa anayamba kuwazula mano, ochepa lero, ena sabata ina. Ambiri anali zitsa zothyokera m'nkhama. Anatsala owerengeka pansi, ndi awiri akumbuyo m'mwamba.

Lero achimwene amakhala kumudzi ndi mayi. Kuphiri sanabwerereko. Manyuchi ndi mapiritsi anasiya, zimenezo ndikutsimikiza. Za chamba sindidziwa, ndipo sindifunsa kawirikawiri. Amathirira kabichi kudimba ndi kukonza makasu a anthu. Mayi, amene tsitsi lawo ndi loyera lonse, ali ndi mano ambiri kuposa mwana wawo. Kukapezeka nyama amaisinja mu mtondo waung'ono, n'kuwaikira achimwene m'mbale yawoyawo. Kutchalitchi amakhala benchi lakumbuyo, ndipo nyimbo amaimbira mumtima.

Mwezi wathawu ndinawatenga kuti tikafunse za mano oikirira. Dokotala uja anawayeza n'kunena kuti nkhama zinafota kwambiri ndipo mbali ina ikutulukabe mafinya, choncho tiyambe tadikira. Pobwerera tinakwera minibasi. Achimwene ankavutika kukweza bondo lija pakhomo, ndipo kondakitala anandiuza ndi ulemu wake wonse kuti, "Mayi, athandizeni bambo anuwo." Anawayesa bambo ondibereka. Masaya awo analowa m'kati, chibwano chinatsogola, koma sanakwanitse n'komwe zaka makumi anayi. Achimwene anamva. Sanamukonze kondakitalayo, ndipo nditafuna kulankhula anandigwira pamkono kuti ndisiye.

Njira yonse anangoyang'ana pawindo, nkhungu ikukwawa m'minda ya mbatatesi. Titatsika anatsogola, akutsimphina, ine m'mbuyo. Mayi anali pakhonde akusankha nyemba.

"Zayenda bwanji kumeneko?" anafunsa.

"Akuti tidikire," anayankha achimwene. Anavula jekete, natenga ndowa, n'kutsetserekera kudimba.