Masabata Asanu Nkhokwe Ili Chete

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinali nditasiya koleji chaka chachiwiri, maphunziro a makompyuta, ndipo musandifunse chifukwa chake poti ondifunsa anakwana kale. Anzanga amene ndinkawalembera homuweki anali atavala magauni, zithunzi zili mbwee pafoni, ine ndili kwathu ku Chawama, mu Lusaka, kuthandiza amayi kupima makala m'timapulasitiki. Tsiku lina ndinapita kukasindikiza CV pa kasitudiyo kena pafupi ndi msika, kojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati. Kompyuta yawo inatha mphindi khumi ikuganiza zotsegula tsamba limodzi.

"Iyi kompyuta ifunika maliro, osati makasitomala," ndinatero.

Mwini wake, bambo wamfupi wovala vesiti ya matumba ambiri, anandiyang'ana kuchokera kumapazi. "Ah ah! Ba injiniya babwela. Ngati uziba, nkala apa ukonze. Ngati siuziba, nkala zii."

Ndinakhala. Ndinapeza mapulogalamu atatu oteteza ku mavairasi akumenyana okhaokha, ndipo m'kati mwa bokosi munali fumbi lokwanira kudzalamo chimanga. Patatha maola awiri inkathamanga. CV ija sinasindikizidwe mpaka lero. Bamboyo, amene aliyense amawatcha Ba Chanda, anangoti, "Mailo ubwele 8 awazi," kutanthauza mawa lake m'mawa. Dzina langa ndi Tiya, koma pasitudiyo ndinakhala ba injiniya kuyambira tsikulo.

Amene sanagwirepo ntchito imeneyi amaganiza kuti chovuta ndi kujambula. Chovuta ndi kusunga. Ukwati umodzi umadzaza makhadi awiri a kamera, ndipo Ba Chanda anali ndi makhadi anayi okha. Lachisanu lililonse masana ankawapukuta onse, kufufuta zonse zimene zinalimo, kukonzekera maukwati a Loweruka. Ndiye kuti kuyambira Lachisanu, vidiyo ya munthu inkakhala pamalo amodzi okha. Ndisanabwere, malowo anali timahadi diski tambirimbiri m'chitini cha mabisiketi, topanda ndi dzina lomwe. Ndinatenga kompyuta yakale imene inali pansi pa kauntala, ndinaikamo Linux ndi diski imodzi yaikulu ya materabaiti anayi, ndipo zonse tinazithira mmenemo. Tinkaitcha nkhokwe. Ndinapempha diski yachiwiri yosungira kope lina, Ba Chanda anati, "Tizaona." Munthu wa ku Lusaka akati tizaona, musadikire.

Popeza diski inali imodzi, ndinaganiza zoiikira mlonda. Hadi diski nthawi zambiri siifa modzidzimutsa. Imasunga mbiri ya thanzi lake yokha, yotchedwa SMART, ngati khadi la mwana la kusikelo. Pulogalamu ya smartctl imawerenga khadi limenelo. Ukalemba smartctl -H /dev/sdb imakuyankha mwachidule kuti PASSED kapena FAILED, koma yankho limenelo lili ngati munthu amene wamufunsa kuti muli bwanji, amati ndili bwino ngakhale akudwala. Zoona zake zili mu smartctl -A. Mmenemo ndinkayang'ana mizere itatu: Reallocated_Sector_Ct, timagawo ta diski timene tinawonongeka n'kusiyidwa, Current_Pending_Sector, timagawo timene tikukanika kuwerengeka panopa, ndi kutentha kwake.

Ndinalemba kapulogalamu kangakanga, sikiripiti ya bash ya mizere pafupifupi makumi anayi. Inkaitana smartctl, kutola manambala atatuwo ndi awk, kuwayerekeza ndi a dzulo amene inasunga m'kafayilo, ndi kulemba tsiku ndi zotsatira mu logi, kaundula wake. Nambala ya timagawo ikakwera, kapena kutentha kukapitirira madigiri makumi asanu, inkatumiza imelo kudzera mu msmtp, kwa ine ndi kwa Ba Chanda. Poiyesa ndinatsitsa dala malire a kutentha, ndipo foni ya Ba Chanda inalira. Anathamangira nayo kwa Ba Mwape, ometa tsitsi khomo loyandikana nafe. "Mwape, ona! Kompyuta yanitumila meseji yeka!"

Kenako ndinauza cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yake, kuti aziiyendetsa tsiku lililonse teni koloko m'mawa. Ndinasankha teni chifukwa situdiyo imakhala yotsegula ndipo masiku amenewo magetsi ankakhalapo. Ndinawafotokozera Ba Chanda modzikuza kuti akapanda kulandira imelo, ndiye kuti zonse zili bwino.

"Monga mwana ali ku boding'i," anatero. "Akankala zii ninshi ali bwino. Akatuma foni ninshi kuli vuto."

Ndinavomera, ndipo ndinasiya kutsegula logi. Munthu ungalembe mlonda n'kumakagonanso pageti?

Chaka chimenecho mvula inavuta, madzi anachepa kudamu, ndipo ndandanda ya kuzima kwa magetsi inasintha. Kwathu ankapita m'bandakucha n'kubwera 14 awazi, thu koloko masana, kukhala mpaka cha m'ma 19. Tinazolowera msanga. M'mawa tinkajambula zithunzi za mapasipoti n'kuzisindikiza ndi kapulinta kakang'ono koyendera batire, nkhokwe tinkaiyatsa masana. Ndinatukwana magetsi tsiku lililonse monga aliyense, koma cron sindinamuganizireko. Iye amayang'ana wotchi basi. Teni koloko ikakwana makina ali ozimitsa, sabwerera masana kudzafunsa ngati pali ntchito yotsala.

Lachisanu lina magetsi atangobwera, ana akufuula "Malaiti!" panja, analowa Amake Misozi. Amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, mumsika, ndipo mawu awo amamveka kuchokera kumapeto kwa mzere. Loweruka lapitalo tinajambula kicheni pate ya Misozi, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, phwando la azimayi lija lomupatsa mkwatibwi ziwiya ndi malangizo. Akulu awo a ku Chipata analephera kubwera chifukwa cha miyendo. Vidiyo inkayenera kupita ndi munthu wokwera basi ya m'mawa mwake.

"Niikileni apa," anatero akundipatsa fulashi yatsopano. "Koma poyamba nionetseni pamene ninangena novina. Bakamba ati ninaphwanya."

Ba Chanda anali atamaliza kuikonza vidiyoyo Lachinayi, n'kuisunga mu nkhokwe. Ndinaitsegula. Ng'oma zinalira, azimayi a zitenje zofanana analowa, Amake Misozi anatulukira pakhomo, anawerama, anagwedeza phewa kamodzi, ndipo chithunzi chinauma. Anangokhala chowerama, kukamwa kuli yasa.

"Nanga naimilila chani? Ine sininaimilile!"

Ndinayesa kukopera fayiloyo pa fulashi. Inayenda pang'ono n'kuima ndi mawu amene sindiwafunira munthu aliyense: Input/output error. Diski inali ikukana kuwerengeka. Ndinayendetsa sikiripiti yanga pamanja, ndipo foni ya Ba Chanda inalira m'thumba la vesiti. Timagawo tokanika kuwerengeka tinali mazana atatu ndi kanthu. Pamwamba pake diskiyo inali ikunenabe kuti PASSED. Ndinatsegula logi, ndipo mzere womaliza unali wa masabata asanu apitawo. Masabata asanu magetsi akuidula diski ili m'kati mozungulira, iyo ikuwonongeka pang'onopang'ono, mlonda wanga asanadzukepo ndi kamodzi komwe.

Nditatembenuka ndinaona Ba Chanda ali pakona, kamera ili m'manja, chala chili pabatani. Linali Lachisanu masana.

"Siyani! Ba Chanda, siyani!"

Ndinawalanda kamera ngati wakuba wa pa siteshoni. Khadi lachiwiri la phwandolo, la mphatso, ndinalipulumutsa. Loyamba anali atapukuta kale, ndipo ndi limene linali ndi kulowa, kuvina ndi malangizo. Theka limenelo tsopano linali pa diski yodwalayo pokha.

Ba Chanda anawerenga imelo ija pang'onopang'ono. "Ba injiniya, iyi meseji inali kuti masiku yonse aya?"

Ndinali ndi mayankho okonzeka. Chilala, ndandanda, diski yachiwiri imene anakana kugula. Onse anali oona, ndipo ine kunena zoona zopweteka anthu ena ndimakhoza. Koma amene analemba teni koloko ndinali ine. "Ni ine," ndinatero. "Ninaika nthawi yamene kulibe malaiti."

Amake Misozi anakoka situlo n'kukhala, chikwama chili pamiyendo. "Mwana wanga, ine va makompyuta siniziba. Chamene niziba ni chakuti bakulu banga banalela Misozi kuchokela ali na zaka zibili. Bafuna kumuona. Sinichoka pano."

Diski yodwala suiyesa mobwerezabwereza ngati chitseko chokanika, chifukwa kuwerenga kulikonse kumaifupikitsira moyo. Ndinatseka chilichonse chimene chinkaigwiritsa ntchito, ndinaitsegulanso moti izingowerengedwa osalembedwamo kanthu, ndipo ndinalumikiza kadiski kamodzi ka m'chitini cha mabisiketi kolandirira. Kukopera diski yonse kukanatenga usiku ndi usana, choncho ndinalunjika fayilo imodziyo ndi ddrescue. Pulogalamu imeneyi silimbana ndi malo oipa poyamba. Ukaiyendetsa ndi -n imatola zonse zowerengeka mosavuta, kudumpha mabowo, n'kulemba mapu osonyeza pamene yafika. Diski inali yotentha ngati mbale ya pambaula, ndiye ndinachotsa chitseko cha bokosi n'kubwereka fani ya Ba Mwape.

Amake Misozi anaphunzira msanga kuti nambala yofunika ndi ya maperesenti a fayilo amene apulumuka, ndipo anayamba kuiulutsa ngati mpira wa pawailesi. "Fote faivi! Fote sikisi! Iwe Chanda, choka apo, uitchinga mphepo!" Anzawo awiri a mumsika anabwera kudzaona chimene chawachedwetsa, nawonso anakhala. Wina anafunsa ngati ndine wokwatiwa. Ndinati ndili pantchito.

Cha m'ma 17 awazi, nambala ili pa makumi asanu ndi atatu, magetsi anapita, maola awiri nthawi isanakwane. Fani inaima, azimayi anakuwa, ine ndinanena mawu amene sindingawalembe pano. Ba Chanda ananyamuka. Anatuluka, ndipo ndinawamva akukambirana ndi Ba Mwape, amene jenereta yawo inali itayamba kale kulira.

"Nili na kasitomala pampando, mutu uli hafu!"

"Azayembekeza. Tsitsi siithaba."

Chingwe chinalowa pawindo. Kasitomala uja anabwera yekha kudzaima pakhomo, mbali imodzi yometa, nsalu ili m'khosi, kuti aone chimene chamulanda magetsi. Ndinayatsa nkhokwe ndikupemphera kuti diski idzuke. Inadzuka. Chifukwa cha mapu aja, ddrescue inapitiriza pomwe inalekera, sinayambirenso. Itamaliza ulendo woyamba, ndinaibweza ndi -r3 kuti iyese katatu pa bowo lililonse. Mabowo ambiri anatsekeka. Anatsala ochepa, onse pamalo amodzi.

Tinatsegula vidiyo tonse titaunjikana. Ng'oma, zitenje, Amake Misozi pakhomo. Anawerama, anagwedeza phewa, ndipo ulendo uno anapitiriza mpaka pansi. Anaphwanyadi. Azimayi analulutira mu situdiyo, wometedwa theka uja anaomba m'manja. Tinathamangitsa vidiyo kufunafuna powonongeka, ndipo tinapapeza: pafupifupi theka la mphindi, chithunzi chikusweka timabokosi, pamene mayi wina wa duku lofiira anali ndi maikolofoni.

"Pepani amai," ndinatero. "Apa pokha pakana."

Anayandikira sikirini. "Uyu? Ni tete, mlongo wa batate ba mwamuna wa Misozi. Anakamba ati nkhuku zinali zing'ono." Anandigwira paphewa. "Mwana wanga, sungachoseko na kwina?"

Ba Chanda anadula kachigawo kowonongekako bwinobwino, ndipo fulashi inatuluka pakhomo kutada kale. Lolemba Amake Misozi anandibweretsera jekete la jinzi la mu belo latsopano, ndi uthenga wakuti akulu awo anaionera katatu, n'kunena kuti Misozi wanenepa bwino.

Sikuti zonse zinapulumuka. Sabata yotsatira, pokopera zotsala, tinataya zithunzi zina zakale ndi gawo la vidiyo ya ubatizo, ndipo amene anakapepesa kwa eni ake ndinali ine. Ba Chanda sanandichotse ntchito. Anapita kutauni n'kubwera ndi madiski awiri, anawaika pakauntala, nati, "Tizaona yafika." Tsopano pulogalamu ya rsync imakopera zonse ku diski yachiwiri, ndipo pakhoma pamwamba pa makamera ndinalemba ndi maka kuti khadi silipukutidwa vidiyo isanakhale pamalo awiri.

Sikiripiti ndinaisintha pawiri. Ndinaichotsa kwa cron n'kuipereka kwa anacron, amene amati makina akayaka, amayang'ana ngati ntchito ya lero yachitika, ndipo ngati sinachitike amaichita. Chachiwiri ndi chimene ndimauza aliyense wondifunsa za ntchito imeneyi: mlonda amene amayankhula pokhapokha pakagwa vuto, sungadziwe ngati ali maso kapena anafa. Tsopano imelo imabwera tsiku lililonse, ngakhale zonse zili bwino, ndi manambala ake atatu ndi mzere umodzi pamwamba wakuti "Nkhokwe ili moyo." Tsiku likadutsa osaiona, ndimasiya chilichonse n'kukagwada pansi pa kauntala.

Digiri ndilibe mpaka pano, ndipo zithunzi za magauni zimandipwetekabe ndikaziona. Koma masana aliwonse magetsi akabwera, foni ya Ba Chanda imalira, iwo amavala magalasi, amawerenga, kenako amayankha imeloyo. Ndawauza kambirimbiri kuti akulembera kompyuta, ndipo yankho lawo limagwera kwa ine. Samva. Dzulo analemba kuti, "Zikomo ba nkhokwe, naine nili moyo. Mupatseni moni ba injiniya."