Tsiku limene ndinapha apongozi pa WhatsApp

Ine amene ndimanenerera mbuzi pamsika wa Dowa mpaka mwiniwake kutuluka thukuta, ndinagwa nacho chithunzi chimodzi. Mlamu wanga anaika pa sitetasi nkhope ya apongozi anga aamuna, patsogolo pawo kandulo ikuyaka. Bandulo inali ikutha, choncho mawu apansi sindinawerenge. Pofuna kuoneka mkamwini wachangu, ndinalemba pagulu la banja: "Bambo atisiya, ause mumtendere."

Kandulo ija inali ya pakeke. Linali tsiku lawo lobadwa.

Mmene ndimafufuta uthengawo, azakhali a ku Bowe anali atakwera kale kabaza, akulira njira yonse. Komatu nyumba imene ndimagonamo ili pamalo a malemu amoyowo. Mantha anandilembetsa bodza: "Foni yanga ailowerera akuba a pa intaneti."

Masana apongoziwo anandiitanitsa. Ndinanjuta chapatali.

"Akamwini," anatero osandiyang'ana, "akuba anuwo mukawauze kuti mbuzi ya pamaliro anga ndikufuna ndiidye ndili moyo."

Ndinakaigula tsiku lomwelo. Mtengo umene ananena mwiniwake ndi womwewo ndinapereka, osanenerera.