Achule a M'dambo Lathu Aleka Kulira

Okondedwa awerengi, ndalemba pofuna kukudziwitsani nkhani imene yandisowetsa mtendere sabata ino.

Kwa zaka zambiri ine sindibzala chimanga ndi mvula yoyamba, pakuti imanyenga. Ndimayembekeza kufikira achule a m'dambo lathu kuno kwa Kabudula atayamba kulira onse pamodzi, finye nayenso atatuluka m'nthaka. Pamenepo ndiye ndimamasula thumba la mbewu. Njira imeneyi sinandichititsepo manyazi.

Lolemba mvula inagwa, koma dambo linangoti zii. Lachiwiri m'mawa ndinapita kudimba kukaona chimene chachitika. Pachitsime ndinapeza achule akuyandama chagada, ambululu atafa m'mbali mwake monse.

A Nambewe, amene dimba lawo linachita malire ndi langa, anaimika khasu.

"A Phiri, mwabwera kudzakhuza maliro eti? Nanga sipuleya yanu yopoperera matimati ija munatsukira kuti Loweruka?"

"Mayi, nkhani imeneyo ifunika kuifufuza bwino," ndinayankha.

"Kufufuza chiyani? Ndinakuonani ndi maso angawa mukukhuthulira thovu m'chitsimemo!"

Ndikuvomera pamaso panu kuti a Nambewe ananena zoona.

Koma kodi ndine ndekha? Yendani m'madambo kuchokera ku Nsaru kufikira ku Nambuma. Ambiri a ife mankhwala timatsukira m'madzi alionse amene ali pafupi. Dambo timalitentha posaka mbewa, kamba n'kupsera momwemo. Ng'anzi tikaiona timaigenda. Bilimankhwe timamupha popanda ndi mlandu womwe. Pambuyo pake timadandaula kuti tizilombo tachuluka m'dimba, n'kuonjezera mankhwala. Kodi amene ankadya tizilomboto anali ndani?

Choncho ndikupempha mwaulemu alimi anzanga kuti madzi otsukira sipuleya tizitayira m'dzenje, kutali ndi chitsime. Langa ndakumba, ngakhale mochedwa.

Dzulo mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, anzathu abzala. Ife tibzala liti, popeza alangizi anu aja mwawapha nokha?"

Thumba la mbewu ndili nalo limodzi lokha. Ndikabzala lero, mvula n'kudula, lina palibe. Ndikachedwa, chaka chandipita.

Pamene ndikulemba pano mitambo yayambanso kuda cha ku Msundwe. Thumba lidakali chimangire, dambo lidakali zii. Kodi tsopano ndifunse ndani?